Mtsempha wa Amayi Anu

Ana anga Takondwa ndi Limbani, dziwani kuti anzanga amene ndinamaliza nawo koleji onse akadali pantchito, ena angoyamba kumene kukwezedwa. Ine ndinapuma ndisanamere imvi. Anthu akandifunsa chifukwa chake, ena ndimawauza kuti ndinatopa, ena kuti ndinkafuna kulima. Inu ndinu ana anga ndipo nkhaniyi ndi yanu, choncho ndikulemberani mmene zinayendera, kuyambira pamene ndinayamba ntchito.

Mitundu, chaka changa choyamba pantchito

Ndinaphunzira ntchito yothandiza anthu amene ziwalo zawo zafooka kapena zauma kuti ziyambenso kugwira, imene ambiri amangoti fizo. Malo oyamba amene ananditumiza anali kachipatala ka mpingo kunja kwa Mitundu, pakati pa maesiteti a fodya. Ndinatsika minibasi pamsika m'nyengo ya chilimwe, ndili ndi chikwama chimodzi ndi mabuku awiri, wakabaza n'kundipalasa m'fumbi mpaka pachipata. Mkulu wa pamalopo anali bambo Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene anakalambira pantchito yachipatala. Anawerenga pepala langa atalitalikitsa, kenako anati: "Ndinapempha mzamba, andipatsa wophunzitsa anthu kuyenda. Chabwino, achimwene, bwerani muone ufumu wanu." Ufumuwo unali chipinda chosungiramo katundu. Munali matumba a simenti youma, bedi lopanda mwendo umodzi, ndi nkhuku imene inkafungatira pakona. Bambo Mbewe anati nkhukuyo inayamba ntchito ine ndisanabwere, choncho ndiyilemekeze.

Zipangizo zimene tinkaphunzirira kukoleji kunalibe n'chimodzi chomwe. Ndinazika mitengo iwiri ya bulugamu yoti odwala azigwira pophunzira kuyenda. Machubu akutha a njinga ndinkapempha kwa okonza njinga pamsika, n'kuwadula kuti azikokedwa polimbitsa miyendo. Mchenga ndinkauthira m'masokosi. Odwala anga ambiri anali matenanti ochokera kumaboma ena, amene misana yawo inatha ndi mabelo a fodya, komanso ogwa pangolo, ootcha makala ku Dzalanyama amene njinga inawagwetsa pamtsetse, ndi okalamba ofa ziwalo mbali imodzi. Poyamba ankakhumudwa akaona kuti sindipereka mapiritsi kapena jakisoni. Mayi wina anadandaula kwa bambo Mbewe kuti adokotala achinyamatawo angomugwiritsa ganyu yokoka chubu osamulipira. Koma amene analimbikira anayamba kuyenda, ndipo mbiri inapita m'midzi.

Mvula itayamba, bambo Mbewe anagogoda pakhomo panga ali ndi anthu awiri, mayi wachikulire ndi mwana wake wamkazi. "Awa ndi anu," anatero. "Ine ndaona mafupa ambiri, koma loguluka mwini wake akuseka sindinalionepo." Mtsikanayo anali Esinati, amayi anu. Mayi wachikulireyo anali agogo anu. Esinati ankasewera ntchemberembaye m'timu ya m'dera lawo, ndipo pa gule wa chimtali ndiye ankatsogolera bwalo. Agogo anu anafotokoza kuti chiuno cha mwana wawo chimaguluka. Akadumpha kapena akapotoloka povina, chimalira kuti kho, ndipo pambali pake pamaoneka chinthu chikusuntha. Amayi akuluakulu a m'mudzi anali atagamula kale kuti mtsikana wotere sadzabereka, ndipo mnyamata amene ankamufunsira anali atasiya kubwera.

Ndinaitana namwino, ndipo Esinati anaimirira atagwira mtengo wa bulugamu. Ndinaika dzanja pambali pa chiuno chake n'kumuuza kuti apinde mwendo kenako awongole. Ndinamva pansi pa chikhatho chinthu chikudumpha, ndipo phokosolo tonse tinalimva. Ndinachizindikira pomwepo, chifukwa tinachiphunzira. Pambali pa ntchafu pamatsika chinthu cholimba ngati lamba, chochokera m'chiuno kukafika pabondo. Mwa anthu othamanga ndi ovina, makamaka amene akukula msanga, lambayo amakungika, ndiye podutsa pakafupa kotuluka pambali pa chiuno amadumpha n'kulira. Fupa limakhala lili m'malo mwake. Ambiri sizimawapweteka n'komwe. M'buku langa lachingerezi chinthu cholimbacho chinali ndi dzina lakelake, losiyana ndi la njira za magazi. M'Chichewa ndinapeza liwu limodzi lokha.

"Amayi, si fupa ayi," ndinatero. "Ndi mtsempha chabe."

"Mtsempha?" anafunsa agogo anu. "Suduka?"

"Sungaduke. Ndipo za kubereka sizikukhudzana nawo."

Esinati anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kundiyang'ana. "Ndiye mtunda wonsewu tayendera kudzamva kuti ndili bwino? Achimwene, tipatseniko ngakhale panado, kumudzi angatiseke."

Ndinamuphunzitsa kudziwongola atatsamira khoma, mwendo wina ataudutsitsa kumbuyo kwa unzake, ndi kulimbitsa minofu ya m'mbali pokoka chubu atagona chammbali. Anabwera kangapo, kenako ndinamuuza kuti safunikanso kubwera. Phokosolo linachepa koma silinathe. Patapita miyezi ndinamuona akusewera pabwalo la sukulu, ndipo ndinaima nthawi yaitali kuposa mmene munthu wodutsa amaimira. Sipanatenge nthawi bambo Mbewe anandiitana mu ofesi, nkhope ili gwa. "A Fizo, wodwala wanu uja m'buku mwanga analembedwa kuti anachira. Nanga njinga yanu ikumakadwazika ndani kumudzi kwawo Lamlungu lililonse?" Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo iwo omwewo ndi amene anadzakhala nkhoswe yanga, popeza kwathu kunali kutali.

Tsiku la chinkhoswe litadutsa, agogo anu anasanduka apongozi anga. Mukudziwa mwambo wa kumudzi kwanu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mawu amadzera mwa munthu wina. Choncho nkhani yomaliza imene ndinakamba nawo maso ndi maso inali ija ya m'chipinda cha fizo.

Nathenje, kuyambira chaka chimene unabadwa, Takondwa

Anandisamutsira ku kachipatala kena ka mpingo womwewo pafupi ndi Nathenje. Akuluakulu a kwanu anandilola kutenga amayi anu, ndipo iwe unabadwira kumeneko. Amayi aja amene anagamula za kusabereka anabwera kudzakuona, aliyense akunena kuti iye sananene nawo. Limbani, iwe unabwera patapita zaka zinayi.

Ntchito ya ku Nathenje inali ina. Msewu waukulu unkatibweretsera anthu othyoka: a njinga zamoto, oyenda pansi, ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Bwana wanga anali mayi Chirwa, namwino wamkulu, munthu wosaseka pantchito. Ukachedwa sankakalipa, ankangoyang'ana wotchi kenako iwe, ndipo tsiku lonse sumapeza mtendere. Koma ndi iwo amene anamenyera nkhondo kuti ndipatsidwe njinga yamoto yoyendera odwala m'midzi mpaka ku Diamphwe. Mafuta akasowa ndinkapalasa njinga yakapalasa, iwo n'kumandisungira tiyi m'fulasiki osanena kanthu. Ndodo zoyendera tinkakhoma ndi kalipentala wa pamsika. Pulasitala ikatha tinkamanga ndi makatoni ndi nsalu. Sindidandaula nazo zaka zimenezo. Ndinkabwera kunyumba nditatopa, ndipo kunyumba kunali amayi anu.

Iwo ankaphunzitsa atsikana ntchemberembaye madzulo, ndipo panalibe chinkhoswe cha m'dera limenelo chimene chinkatha asanaitanidwe pabwalo. Chiuno chawo anachisandutsa choseweretsa. Takondwa, uli wakhanda ukalira, ankakuika pamphasa n'kuchiliza dala, kho, iwe n'kusiya kulira kufunafuna kumene kwachokera phokoso. Ine ndikakhala pamabuku nkhope itakwinyika, ankaima pakhomo n'kuchiliza, n'kunena kuti: "Adokotala, wodwala wanu wafika, mulandira kapena ndipite kwa asing'anga?" Sindinali munthu woseka kwambiri. Zoseka za m'nyumba mwathu ankabweretsa ndi iwo.

Chaka cha maliro

Pano ndilemba mwachidule. Loweruka lina tinapita kumudzi ku chinkhoswe cha msuweni wa amayi anu, ndipo anavina. Lolemba m'mawa, titabwerera ku Nathenje, anati mutu ukuwawawa kwambiri. Anagwa akusesa pakhomo. Tinathamangira nawo ku chipatala chachikulu mumzinda, koma sanatsegulenso maso. Dokotala anatiitana ife achibale, agogo anu ali pomwepo, n'kufotokoza m'Chichewa kuti aliyense amve. Anati magazi ankathamanga kwambiri, ndipo mtsempha waphulika m'mutu. Agogo anu anatukula mutu n'kundiyang'ana m'maso, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo. Sindinamvetse tanthauzo lake. Ndinangoganiza kuti ndi chisoni.

Tinawaika kumudzi kwawo. Nthawi ya maliro itatha, akuluakulu anandisudzula monga mwa mwambo: anandithokoza, n'kundiuza kuti ndine mfulu, ana ndi a mbumba ya kwawo. Amalume anu, alamu anga, anayankhula mwaulemu ndipo sanandilande kanthu. Inenso ndinaona kuti ndi bwino mukhale ndi agogo anu, chifukwa ntchito yanga inali yoyendayenda. Ndinabwerera ku Nathenje ndekha. Ndinkabwera kudzakuonani kumapeto kwa mwezi, ndi shuga ndi sopo ndi makope. Ndinkakhala pakhonde la alamu, inu n'kubwera kudzagwada, kundiuza za kusukulu, ine n'kubwerera madzulo.

Chaka chachiwiri chichitikireni maliro

Takondwa, unali mu Sitandade 8, ndipo unali utatalika mwadzidzidzi ngati chimanga chothiridwa feteleza. Nthawi yomweyo akuluakulu a mpingo anandisankha kuti ndikatsogolere gawo lonse la fizo pachipatala chawo chachikulu, kutali kummwera. Unali mwayi umene ndinauyembekezera chiyambire ntchito. Ndinabwera kumudzi kuti ndidzakuuzeni.

Ntchito yanga ndi kuyang'ana mmene anthu akuyendera, ndipo vuto ndinaliona uli patali. Unkachokera kumjigo wopanda ndowa, ukuyenda timapazi tating'ono, chiuno chili chowuma, ngati munthu wosenza mazira. Pansi pa diresi panali nsalu yomangidwa mothina. Ndinafunsa za mpira, unati unasiya, ukufuna kulimbikira mayeso. Nsapato zako zothamangira unali utapatsa mnzako. Unandibweretsera madzi n'kugwada, ndipo podzuka chiuno chako chinalira. Kho.

Kukhitchini agogo ako anati, "Mayo ine!" Iwe unaima osasuntha, kapu ili m'manja. Ine ndinali ndisanamve phokoso limenelo chigonekereni amayi ako, ndipo ndinatembenukira kumbali. Za kukwezedwa pantchito sindinazitchule n'komwe tsiku limenelo.

Madzulo unandiperekeza kukakwera njinga, tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mayendedwe akowo. Titadutsa madimba unafunsa osandiyang'ana.

"Adadi, zimapweteka?"

"Chiyani, mwana wanga?"

"Mtsempha ukamaphulika."

Ndinaima. Unapitiriza ndi mawu odekha, ngati ukunena za mtengo wa sopo. Unati chiuno chako chinayamba kulira miyezi ingapo yapitayo pabwalo la mpira. Agogo atamva anakuletsa kuthamanga, kudumpha, kuvina ndi kusenza madzi, n'kukumanga nsalu kuti mtsemphawo usamayende. Unati aliyense m'mudzi akudziwa kuti mtsempha wa amayi unayambira m'chiuno, unkakwera pang'onopang'ono, ndipo atavina pachinkhoswe paja unafika m'mutu. Unati wamuphunzitsa kale Limbani kuchapa yunifomu yake ndi kusoka batani, kuti asadzavutike.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira, ndipo ndinakufotokozera zonse monga ndinkafotokozera odwala. Ndinati zinthuzi ndi ziwiri zosiyana, china ndi njira ya magazi, china ndi chomangira minofu ku mafupa, ndipo cha m'chiuno sichingakwere kupita kulikonse. Unamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Koma munawauza agogo kuti ndi mtsempha," unatero. "Adokotala a m'tauni anatinso mtsempha. Ndipo lero utalira, inunso munachita mantha. Ndinakuonani."

"Sanali mantha amenewo."

"Chabwino, adadi," unatero, ndipo ndinadziwa kuti wangondimvera chisoni.

Ndinabwerera kwa alamu usiku usanagwe n'kuwapempha akauze apongozi kuti mwanayu alibe vuto, amumasule nsalu. Anapita, ine ndili pakhonde. Anabwerako akukanda kumutu. "Alamu, ndawauza kuti mwati ndi mtsempha ndithu koma wina. Iwo akuti ndikufunseni chinthu chimodzi. Akuti kale munawauza kuti suduka. Ndiye mwana wawo ali kuti?"

Sabata imeneyo ku Nathenje ndinagwira ntchito ngati munthu wobwereka thupi. Ndinkadziwa kuti chiuno chako n'chosavuta, odwala otere ndinathandizapo ambiri. Chovuta chinali chakuti mwana wanga wa zaka khumi ndi zitatu ankadzuka m'mawa uliwonse akudikira imfa, ndipo munthu amene ankamukonda kwambiri, agogo ake, ndi amene ankamuthandiza kudikirako. Mantha otere sachoka ndi mlendo wa kumapeto kwa mwezi. Ndikanapita kummwera ndikanamabwera kawiri pachaka. Ndinalowa mu ofesi ya mayi Chirwa n'kuwauza zonse, ndi kuti ndikufuna kupuma pantchito.

"Mwapenga?" anatero. "Anthu akupempherera malo amenewo. Mutengeni mwanayo mupite naye, akakhala kutali ndi agogo akewo aiwala."

"Akuluakulu a kwawo sangandipatse, mayi. Ndipo ngakhale atandipatsa, iye adzaganiza kuti ndikupita naye kufupi ndi chipatala chachikulu chifukwa watsala pang'ono."

"Ndiye kanani kukwezedwako, mukhale pompano."

"Pano ndi pomwe ndakhala zaka ziwiri chimwalirire mayi ake, ndipo sindinadziwe kuti mwana wanga anasiya kuthamanga."

Anayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali, ngakhale panalibe amene anachedwa. Kenako anati: "Odwala a ku Diamphwe mukawatsanzike nokha. Ine sindikawauzira." Tsiku lochoka anandipatsa mtolo wa machubu atawamanga bwino ndi bandeji.

Kumudzi kwanu, chaka chimene ndinapuma

Ndinapempha alamu malo oti ndimange kanyumba ndi kadimba. Anadabwa, chifukwa mwamuna wosudzulidwa sabwerera. M'mudzi munali zonena. Ena ankati ndikufuna mng'ono wa malemu, ena ankati anandichotsa ntchito. Pabawo wina anandifunsa ngati ndabwera kudzakwatira manda. Ndinaseka nawo, chifukwa mkamwini wopanda mkazi alibe pokwiyira.

Masabata oyamba sindinapindule kanthu. Ndikakumasula nsalu m'mawa, madzulo ndinkakupeza wamangidwanso. Ndinazindikira kuti mawu ndi amene anatisokoneza, ndipo mawu ena owonjezera sakanatithandiza. Tsiku la msika ndinapalasa kupita ku Mitundu kwa opha mbuzi, n'kupempha mwendo wakumbuyo wathunthu, ndi chiboda chomwe, osaudula. Wogulitsayo ankafuna kuukhapa ndi chikwanje monga amachitira, ndinachita kumugwira dzanja.

Nditafika sindinapite kwa alamu. Ndinalunjika pakhonde la agogo anu, pamene ankatongola chimanga, iwe Takondwa uli pambali pawo. Atandiona anayamba kudzuka kuti alowe m'nyumba. Ndinagwada pabwalo.

"Amayi, ndalakwira mwambo, mudzandilipitsa pambuyo pake. Koma lero musachoke. Pali chimene ndikufuna muone ndi maso anu."

Anakhalanso pansi, atatembenukira kumbali, chitenje chili kukamwa. Ndinayala mwendo uja pa lichero n'kuung'amba ndi mpeni mosamala. Ndinatulutsa chinthu choyera, chonyezimira, chotsikira kuchiboda, n'kukuuza kuti ukoke. Unakoka, chiboda n'kupindika. Unalumpha pang'ono, kenako unakokanso. Ndinakuuza kuti uyese kuchidula ndi manja. Unalimbana nacho mpaka zala zinafiira. Ndinachikokera pambali pa fupa n'kuchisiya, chinabwerera n'kulira pang'ono. "Chimene chimalira mwa iwe ndi chotere," ndinatero. "Taona, mulibe bowo, mulibe magazi. Chingaphulike bwanji?"

Kenako ndinafufuza mkati mwa nyama n'kupeza kena kofewa, kakuda, kopyapyala. Ndinathyola kaudzu n'kukalowetsa m'kati mwake kuti muone kuti n'kamphako. Ndinakafinya, kadontho ka magazi n'kutuluka. "Aka ndi ka magazi. Kotere ndi kamene kanaphulika mwa amayi ako, ndipo kanali m'mutu chibadwire, sikanachokere m'chiuno. Zonse ziwiri timaziti mtsempha, koma sizidziwana n'komwe."

Agogo anu anali atatembenuka. Anatambasula dzanja, ine n'kukankhira lichero kwa iwo. Anagwira choyera chija, n'kuchikoka, n'kuchipotokola. "Ichi ndi chija sichipsa," anatero chapansipansi. "Ngakhale galu amachita kutopa nacho." Anagwiranso kofewa kaja, n'kukaika padera. Anayang'anitsitsa ziwirizo.

"Chingwe ichi," anatero, "ndi chimene chinkalira mwa Esinati?"

"Inde, amayi."

"Ndiye kuvina kuja sikunamuphe?"

"Ayi, amayi. Anavina moyo wake wonse. Magazi ndi amene ankathamanga mobisa, ndipo akanatha kugwa ali kutchalitchi kapena ali mtulo."

Agogo anu anabwezera choyera chija pa lichero. "Tsiku lija anati watopa. Ndine ndinamukoka dzanja. Ndinati, mwana wa achimwene anga akukwatiwa iwe uli khale? Ndine ndinamulowetsa m'bwalo." Analira mosabisa nkhope, akundiyang'ana. Zaka ziwiri anasenza zimenezo okha, ndipo palibe amene ankadziwa. Iwe unawakumbatira, manja ako ali ndi mafuta a mbuzi. Ine ndinakhalabe chogwada pomwepo mpaka anatonthola. Atapukuta m'maso anati: "Bambo a Takondwa, khalani pampando, mawondo angatupe. Nyamayi tiphika, musabwerere nayo."

Kuyambira tsiku limenelo m'banja mwathu timati chingwe, ndipo ndikanakonda ndikanalipeza liwu limeneli ndili ku koleji. Koma musaganize kuti zonse zinatha tsiku limodzi. Nsalu inachoka, mantha anatsalira. M'mawa uliwonse usanapite kusukulu tinkaima pakhoma la nkhokwe, mwendo wina kumbuyo kwa unzake, ukuwerama chammbali mpaka umve kukoka. Kenako unkagona pamphasa n'kukoka chubu. Miyezi imene unayenda mowuma inali itafooketsa minofu, ndipo poyamba unkamva kuwawa, n'kundiyang'ana ndi maso a mafunso. Ndinkakuuza kuti kuwawa kumeneko n'kwa ulesi wa minofu. Limbani ankatsanzira pambali n'kumagwa dala kuti useke. Unayambiranso kusenza ndowa. Tsiku lina ndinakuona ukuthamangitsa mbuzi m'dimba, utaiwala, ndipo ndinalowa m'nyumba kuti usaone kuti ndakuona.

Chinthu chimodzi ndikusiyireni nonse awiri, popeza ndakuuzani zoona pa zina zonse. Chingwe musachiope. Koma kuthamanga kwa magazi nthawi zina kumayenda m'banja, ndipo sikulira kuti kho, kumabwera mwakachetechete. Mukakula muziyezetsa, ngakhale mukumva bwino. Kukapezeka msanga kuli ndi mankhwala ake.

Ku mpira unabwerera uli Fomu 1, pasukulu yoyendera ya pafupi. Masewero ako oyamba anali ndi sukulu ya kutsidya kwa dambo, pabwalo lafumbi lolembedwa mizere ndi phulusa. Agogo ako anati sapita, zoonera ana akuthamanga si za msinkhu wawo. Koma titanyamuka tinawaona akutitsatira ndi ambulera. Anakhala pansi pafupi ndi mzere, chitenje chili kukamwa.

Unayamba mwamantha, ukupewa kudumpha, ndipo aphunzitsi ako ankakukalipira. Chigawo chachiwiri mpira unabwera m'mwamba chakumbali kwathu. Unaiwala, unalumpha n'kuuwakha, ndipo potera unapotoloka. Tinali pafupi, tonse tinamva. Kho. Unauma pomwepo, mpira uli m'manja, maso ali pa ine. Anzako ankakuwa kuti uponye. Oyimbira analiza wezulo kuti wakhalitsa ndi mpira, n'kuupereka kwa a timu ina, iwe uli chiimire.

Agogo ako anadzuka, ambulera n'kugwera uko.

"Iwe Takondwa! Waimiranji? Ndi chingwe chimenecho! Thamanga, akuthawitsa mpira!"

Bwalo lonse linaseka, osadziwa kuti chingwe n'chiyani. Iwe unathamanga.

Munagonja tsiku limenelo. Pobwerera unkadandaula za oyimbira njira yonse, kuti anakuimbira msanga, kuti ndi wachibale wa a timu inayo, kuti mukadzakumananso adzaona. Unkayankhula uli kutsogolo, ukutembenuka kuti timve, kenako unasiya kutembenuka chifukwa tinali titatsalira. Agogo ako anakuwa kuti utidikire. Sunamve, unali utafika kale kumadimba.